Kugwirira Amalume Minda ku Edenvale

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa kompyuta, ndipo ndinene poyera kuti mapulogalamu ambiri amene anthu amawatamandawa ine amandinyansa. Lero akukuthandiza, mawa akufuna intaneti, mkuja akufunsa tsiku limene unabadwa ndi kumene ukugona. Asa! Ine ndifuna kulemba zoti ndichite Lachiwiri, iwe ukundifunsa zakubadwa? N'chifukwa chake zanga zonse ndimazisunga m'mafayilo a mawu okhaokha, opanda maluwa, oti ngakhale kompyuta yokalamba imawatsegula osatsokomola.

Kompyuta yokalambayo ndinali nayodi. Kaofesi kena ka ku Brakpan kuno ku Joni, kumene ndimawakonzera pulogalamu yolandirira maoda, anafuna kuitaya. Ndinaisenza pamutu mpaka kuchipinda changa, anthu akundiseka pamsewu. Ndinaipukuta fumbi, n'kuigulira batire poti magetsi a kuno amapita osatsanzika, kenaka ndinaikamo AI, pulogalamu ija yoti ukaifunsa imayankha ngati munthu. Anzanga amagwiritsa ntchito ya pa intaneti, imene imakhala m'makompyuta a eni kutsidya la nyanja. Ine ndinafuna yanga, yogona m'chipinda changa. Loweruka lina masana ndinazula waya wa intaneti, n'kuifunsa funso, iyo n'kuyankha. Abale inu! Ndinavina ndekha mpaka mayi eni nyumba anagogoda kufunsa ngati ndalumidwa ndi chinachake. Chichewa sinkachidziwa bwino, inkangobwebweta, choncho tinkalankhulana Chingerezi. Koma inali yanga.

Nthawi yomweyo n'kuti amalume anga, achimwene a mayi anga, akukonzeka kupita kumudzi ku ukwati wa mwana wawo wamkazi. Iwo akhala akugwira ntchito ya m'minda ya maluwa ku Edenvale kuyambira ine ndili ku pulaimale. Anali ndi nyumba zisanu, tsiku lililonse yakeyake, ndipo ankagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya Lachinayi, kwa madamu ena achikulire amene amuna awo anamwalira. Amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti munthu supita kumudzi n'kusiya munda wa bwana pamtunda. Umasiya wako wokugwirira. Ukapanda kutero, pobwera upeza wina wavala ovolosi yako, ndipo bwana akukupatsa moni wa pa geti. Amene ankawagwirira nthawi zonse, bambo wina wa ku Thokoza wopemphera nawo mpingo umodzi, anali atapeza ntchito yomanga. Wotsala ndinali ine.

"Mphwanga," anatero amalume, "masabata asanu okha. Ukandiwonongera kwa madamu a Lachinayi, wandiwonongera ntchito ndi pogona pomwe."

Ine mantha ndinalibe, m'malo mwake mtima unadumpha. Ndinawauza kuti abwere ku Brakpan Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, andiuze zonse, ndiziike mu kompyuta. Anakana mwamphamvu. Manambala otsegulira mageti a eni, malo obisa makiyi, masiku amene mabwana sakhalapo, zonsezo ziende pa intaneti? Akuba akadzalowa adzamanga ndani? Apa m'pamene ndinkafuna! Atafika ndinawapatsa waya uja m'manja.

"Zulani nokha, amalume."

Anazula. Ndinalemba kuti galu wa nyumba ya Lolemba amaluma ukamufikira kumbuyo, kenaka ndinafunsa kompyuta kuti galu wa Lolemba ndimufikire bwanji. Inayankha kuti kutsogolo. Amalume anayang'ana waya m'manja mwawo, anayang'ana kompyuta, anasuzumira ngakhale kuseri kwa tebulo.

"Ndiye kuti zonse zikhala momwemu? Sizituluka?"

"Sizituluka, amalume. Mpaka wakuba adzaisenze pamutu ngati ine."

Anaseka, n'kukhala pabedi, n'kuvula nsapato. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka. Ine ndinkafunsa kuti pa nyumba yakuti mumachita chiyani, iwo n'kumayankha, ine n'kumalemba. Kapinga wa Lachiwiri satchetchedwa mofupika. Maluwa a minga a Lachitatu amathiriridwa pansi, osati pamasamba. Bwana wa Lachisanu safuna phokoso la makina asanamwe khofi. Paipi ya kwa madamu a Lachinayi imadontha, uzimange ndi kansalu. Munthu uja anali ndi minda isanu m'mutu mwake, mpaka podziwa mtengo umene umayoyola masamba mwezi uti. Pochoka anandigwira dzanja n'kunena kuti sukulu ija mlongo wawo sanalipire pachabe. Ndinayenda ngati ndatalika.

Masabata awiri oyamba, eee, ndinali mfumu. M'mawa uliwonse ndisanakwere tekisi, minibasi ya kuno, ndinkafunsa kompyuta za nyumba ya tsikulo, iyo n'kundisanjira ntchito, ine n'kukopera mu foni. Inkadziwa kusanja, ndisaname. Inkati yamba kutsegula madzi kumaluwa a kumbuyo, madzi akuthira iwe ukutchetcha kutsogolo, masamba usese komaliza kuti usasese kawiri. Amalume ankaweruka 4 koloko. Ine pofika 1 koloko ndinali nditatsuka zida. Madzulo ndinkalemba mapulogalamu anga ngati kale, matuza ali m'manja koma mtima uli mbee. Bwana wa Lachisanu anandipatsa jekete. Galu wa Lolemba anayamba kundigwedezera mchira. Ndinkauza aliyense mu tekisi, ofuna ndi osafuna omwe, kuti chida chabwino ndi chimene chimakubwezera nthawi yako, ndipo ine chandibwezera maola atatu pa tsiku. Mayi wina anandiuza m'Chizulu kuti nditseke pakamwa akufuna kugona, ine ndinangotembenukira kwa wa mbali inayo.

Lachinayi la sabata yachitatu madamu anachoka m'mawa kupita kwa mwana wawo, n'kunena kuti abwera chakumadzulo. Ndinamaliza zonse za mu foni dzuwa lili pamutu. Pobweza wilibala ku kanyumba ka zida ndinaona kuseri kwake, pakati pa kanyumbako ndi mpanda, kachigawo kakakulu ngati chipinda chochezera. Thengo lenileni! Udzu wouma wofika m'chiuno, wina wagwa, timitengo tosadziwika, masamba owola. Ndinayang'ana mu foni, palibe chimene chinalembedwa. Ndinali nditakoperamo fayilo yonse ya nyumbayo, ndinaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, za kuseri kwa kanyumba ayi ndithu. Ndinamva chisoni. Ndinati amalume akukalamba, mphamvu zikuwathera, pano anangopasiya ndipo anachita manyazi kundiuza.

Kwathu thengo lotero pafupi ndi nyumba ndi chitonzo. Anthu odutsa amati kodi pakhomo pano palibe wamoyo? Mumabisala njoka, mumaswana udzudzu. Mayi anga ankatidzutsa ndi tsache m'manja, ndipo bwalo likapanda kuoneka dothi lokhalokha, phala sunkaliona. Ndiye ndinatenga khasu. Ndinalima ndi chimwemwe, ndikuimba nyimbo za kwaya, kuzula ndi mizu yomwe kuti usadzamerenso. Munali timababu tina ngati anyezi, ndinatikumba tonse. Ndinathira m'mapulasitiki akuda, ndipo mwamwayi wanga, ndinkatero nthawi imeneyo, galimoto yotenga zinyalala inali isanadutse. Ndinaithamangira, ndinawachonderera anyamatawo, anatenga zonse. Kenaka ndinasesa bwinobwino, tsache likusiya mizere yokhotakhota ija ya pabwalo la mayi waukhondo. Ndinajambula chithunzi kuti ndidzawaonetse amalume. Ndinakhala pa njerwa kudikira madamu, poti zabwino zotere munthu suchoka usanayamikidwe.

Anafika cha m'ma 4 koloko. Ndinawatsogolera ndekha, mano onse pamtunda. Ataona anaima. Chikwama chinagwa pansi. Anagwira khoma la kanyumba. Atayamba kulankhula Chingerezi chawo chinkatuluka pang'onopang'ono, moti ndinamva liwu lililonse. Udzu uja sunali thengo. Amuna awo ankautola m'tchire la kuno, m'malo amene pano anamangapo nyumba ndi mashopu, mtundu ndi mtundu, kwa zaka zambiri. Timababu tija tinkatulutsa maluwa mvula yoyamba ikagwa. Mbalame zimene ankazimvera m'mawa pa khonde zinkabwerera udzu umenewo. Chiwamwalirire amuna awo, palibe anapondapo ndi khasu.

"Ndipatse kiyi wa geti," anatero. "Amalume ako uwauze kuti ndiganiza kaye ngati adzabwerenso muno."

Mayo ine! Mu tekisi ya ku Brakpan tsiku limenelo sindinalalikire aliyense. Nditafika ndinafuna kuikankha kompyuta ija igwe pansi, ndinaitukwana ndithu, koma ndinadziwa kuti ndikunamizira wosalakwa. Inandipatsa zimene ndinaipatsa. Lamulungu lija ndinafunsa amalume kambirimbiri kuti mumachita chiyani, osafunsa ngakhale kamodzi kuti simuchita chiyani. Iwonso akanakumbukira bwanji kunena za malo amene akhala akuwalambalala zaka zonsezi? Foni ndinali nayo m'thumba pamene ndinkatenga khasu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

M'mawa mwake ndinawaimbira amalume. Ukwati unali mawa lake, kumbuyo kunkamveka amayi akuseka ndi mbale zikugundana. Ndinafotokoza zonse osabisa. Nditamaliza, amalume anayamba kufunsa.

"Unatchetcha kapena unalima?"

"Ndinalima, amalume."

"Ndi mizu yomwe?"

"Ndi mizu yomwe."

"Unasesanso?"

"Ndinasesa."

Anapuma mwamphamvu. "Mwana wa mlongo wanga weniweni," anatero, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Kenaka mawu anauma. Anati ndikapepese kwa bwana wa Lachisanu kuti ndichedwa, ndipite kwa madamu pompano, ndikaime pa geti mpaka anditsegulire, ndipo akatsegula ndiwaimbirenso.

Ndinaima pa getipo pafupifupi ola lathunthu, dzuwa likundiwotcha m'khosi. Madamu atatuluka maso anali otupa. Ndinawauza kuti cholakwa ndi changa ndekha, amalume sanandituma, ndipo ali pa foni akupempha kulankhula nawo. Analandira monyinyirika. Sindinamve zimene amalume ankanena, ndinangoona madamu akutembenuka, akuyenda kupita ku kanyumba ka zida foni ili kukhutu, n'kundikodola kuti nditsatire. Anandilozera shelefu ya pamwamba, kuseri kwa zitini za penti. Ndinakwera pa ndowa n'kutsitsa chitini chakale cha mabisiketi.

Munali maenvulopu odzaza mbewu za udzu, mtundu uliwonse m'yakeyake. Akale achikasu anali olembedwa ndi dzanja la malemu bwana. Ena onse, ochuluka kuposa akalewo, anali ndi zilembo zikuluzikulu zopendama za amalume. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bwana anawaphunzitsa amalume kupulula mbewuzo udzu ukakhwima, ndipo bwana atamwalira iwo anapitiriza chaka ndi chaka osauza munthu, poti palibe anawauza kuti asiye. Madamu anakhala pansi pa ndowa ija, chitini pamiyendo, akutembenuza maenvulopu imodziimodzi, misozi ikugwera pa mapepala. Madamu anandiuza kuti amalume awauza zoona, timababu tija tinapita, koma udzu ubwerera ngati tifesa mvula isanayambe. Analankhulana nthawi yaitali. Pomaliza ndinamva madamu akufunsa za mkwatibwi, kuti diresi lamukwana kodi.

Anatulutsa kiyi m'thumba la juzi n'kundipatsa. "Uyu ndi wa amalume ako," anatero. "Iwe ukungowasungira."

Ndikanatha kuwanyamula mayi amenewo n'kuzungulira nawo bwalo lonse! Miyendo inkangofuna kudumpha. Ndinabweza foni kukhutu ndikuseka ngati wamisala, ndikuthokoza, ndikulonjeza kuti ndifesa mawa lomwe, ndisanja zonse mwadongosolo, pofika masana ndidzakhala nditamaliza.

"Iwe," anandidula amalume. "Ufese ndi manja, utagwada, envulopu imodzi pa tsiku, madamu akuona. Ndipo tamvera, mphwanga. Masabata awiri atsalawa, tsiku lililonse ukamaliza msanga, usayang'anenso uku ndi uku. Ukhale pansi."