Chithunzi cha Yu Parmi pa Khomo la Khitchini

Pak Kasmuri (kwathu kuno bambo timati Pak, mayi timati Bu) anayamba kujambula zithunzi za maukwati m'tauni ya Purworejo kale, filimu ikadali yopita kukatsukidwa ku mzinda wa Yogya. Ine ndimakongoletsa akwatibwi, ndiye tinkakumana pansi pa matenti pafupifupi sabata iliyonse kwa zaka makumi awiri. Anali munthu wamfupi, woyenda ngati mphaka, wokonda malaya amodzimodzi a nsalu ya batiki mpaka mkazi wake kuchita kuwabisa. Zithunzi za anthu oima pamzere ankajambula chifukwa eni ukwati amazifuna, koma mtima wake unali pa zina: gogo akusinza mbale ya mpunga ili pamiyendo, mkwati akupukuta manja athukuta pansalu, bambo atatembenukira kukhoma kuti anthu asaone misozi.

"Nkhope ikadziwa kuti kamera ikuyang'ana, imanama," ankatero.

"Nanga yanuyo, Pak, imanama liti?"

"Yangayi sijambulidwa, Bu. Kamera ndi yodula."

Chaka chimene chinamuvuta ndi chimene anakwatiwa Ratri, mwana yekhayo wa Pak Harjoko, mwini chigayo cha mpunga. Kulakwa kunayambira pakamwa panga. M'mawa wa ukwatiwo, nditatha kumumanga Ratri maluwa m'tsitsi, ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi Pak Kasmuri tikumwa tiyi. Yu Parmi, wantchito wa panyumbapo, anadutsa atanyamula matambula. Ndinamulozera ndi mlomo n'kunong'ona zimene mayi anga, amene anali mzamba, anandiuza asanamwalire. Yu Parmi anatsika kumapiri a Kaligesing ali ndi pakati, mwamuna atamwalira. Bu Harjoko, mkazi wa mwini chigayo, analibe mwana. Anagwirizana kuti khandalo likhale la eni nyumba, mayi wake akhale mlezi. Ratri anakula akumutcha Yu, ngati wantchito aliyense.

Pak Kasmuri anangotsatira mayiyo ndi maso mpaka analowa m'khitchini.

Masana inafika nthawi yoti akwati agwade pamaso pa makolo kupempha madalitso. Ratri anaika chipumi pa bondo la Bu Harjoko, ndipo mayiyo anamugwira m'mutu akunong'ona. Anthu onse ankayang'ana pamenepo. Pak Kasmuri yekha anasuntha pang'ono n'kuloza kamera kupyola mapewa a mkwatibwi. Pakhomo la khitchini panaima Yu Parmi, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Dzanja lake linali litakwera lokha, litatambasuka m'malere ngati lili pamutu pa munthu, misozi ikutsika m'masaya.

Yu Parmi anamuona akujambula. Alendo akudya, anamupeza kuseri kwa tenti, ine ndili pomwepo.

"Pak, chimene mwajambula chija, mufufute."

"Ndafufuta kale, Yu. Chinatuluka chosaoneka bwino."

M'buku la zithunzi za ukwatiwo sanachiikemo. Koma patatha mwezi ndinachipeza pawindo la situdiyo yake, moyang'anizana ndi msika, chitakulitsidwa, chili mufelemu. Nkhope ya Ratri inali chammbali kutsogolo, ya Yu Parmi kumbuyo. Chibwano chimodzi, nsidze zimodzi.

"Pak, chotsani ichi."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikudikira chithunzi ngati chimenechi, Bu. Ndani angadziwe? Angoona wantchito wokonda mwana wa bwana wake."

Amayi ogulitsa ndiwo anadziwa tsiku lachiwiri. Opalasa njinga zonyamula anthu, amene amapumira pansi pa mtengo wapafupi, ankaitanana kudzaona. Sabata isanathe nkhani inali itafika kuchigayo.

Ratri anabwera yekha Lachisanu m'mawa. Mkazi wa Pak Kasmuri ndi amene anandifotokozera. Akuti anaima pawindopo nthawi yaitali, kenako analowa n'kufunsa mosakweza mawu.

"Pak, pamene munkajambula, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, Mbak," anatero, akumutchula mwaulemu monga timatchulira atsikana.

"Ndiye munaona kuti ndi bwino mundiuzire limodzi ndi msika wonse."

Anatuluka osadikira yankho. Tsiku lomwelo Yu Parmi anamanga zovala zake m'nsalu n'kukwera minibasi ya ku Kaligesing. Palibe anamuthamangitsa. Bu Harjoko anasiya kubwera kumisonkhano ya amayi a m'dera lathu.

Pak Kasmuri anachotsa chithunzicho n'kuchitembenuzira kukhoma. Kwa miyezi iwiri anakana maukwati, akunamizira maso. Popita kumzikiti ankazungulira njira ya kumanda kuti asadutse pachigayo, ndipo akafika ankakhala mzere womaliza. Munthu amene ankamwa khofi pamsika m'mawa uliwonse anayamba kumwera kuchipinda. Anthu akamufunsa kuti chinsinsicho anachimva kwa ndani, ankati anangoona ndi maso. Dzina langa sanalitchule, ndipo zimenezi zinkandisowetsa mtendere kuposa akanandiulula.

Tsiku lina anafika kwathu pa njinga yamoto, chithunzi chitakulungidwa m'nyuzipepala.

"Bu, mundiperekeze. Ndekha ndikafika pamphambano ndibwerera."

Tinam'peza Yu Parmi kwa mchimwene wake akupatsa mbuzi masamba a chinangwa. Anasamba m'manja, n'kutiyalira mkeka pakhonde, n'kutipatsa tiyi ndi nthochi zophika. Pak Kasmuri anakhala chozyolika.

"Munati mwafufuta," anatero Yu Parmi.

"Ndinanama, Yu."

"N'chifukwa chiyani?"

"Chinali chokongola. Ndinafuna anthu aone kuti ndimatha."

Anamasula nyuzipepala n'kumupatsira. Mayiyo anachigwira patali, poti maso ake ayamba kuchepa mphamvu, n'kuchiyang'ana.

"Ndinavala malaya akale kwambiri tsiku limenelo," anatero. Anachiika pamkeka chozondoka. "Ratri wabwera kawiri. Amakhala pamene mwakhala inupo, sadziwa kuti anditche ndani. Nanenso sindidziwa poika manja. Kale ndinkam'pesa tsitsi, ndinkadziwa ngati wadya kapena ayi. Zinkandikwanira, Pak. Inu munaona ngati ndikulira chifukwa chosauka. Ndinkalira chifukwa mwana wakula bwino."

Pamenepo ndinalephera kupirira.

"Yu, amene anawauza ndine."

"Ndikudziwa, Bu. Mayi anu anasunga chinsinsi zaka makumi awiri. Inu kapu imodzi ya tiyi."

Sanatikalipire. Anatiperekeza mpaka pamsewu, n'kutipatsa nthochi zotsala m'pepala. Chithunzi anakana kuti chitsale, akuti m'nyumba ya mchimwene wake mulibe khoma lake. Tinatsika phiri, felemu ikundibaya m'nthiti.

Mwezi wa maukwati utafika, Pak Kasmuri anabwerera kuntchito, pakuti palibe china chimene amadziwa. Akujambulabe bwino, ngakhale mawondo ayamba kum'vuta. Mabanja ena achuma anasamukira kwa ojambula a ku Yogya, ndipo iye sanadandaule. Ratri ali ndi mwana wamkazi tsopano, ndipo ndinamva kuti amakwera naye ku Kaligesing pa Lebaran, chikondwerero chomasula kusala kudya, akatha kupereka moni kuchigayo. Akakumana ndi Pak Kasmuri pamsewu amam'patsa moni mwaulemu. Iye amavula chipewa, n'kuyankha akuyang'ana pansi.