Tsiku limene ndinafufuta mizere pachifuwa cha bambo

"Ukalembe kuti chitsiru unali iweyo, usakadzisandutse dokotala!" Anandiyankha choncho mlongo wanga dzulo tikusankha fodya m'chigafa, nditangonena kuti nkhani ya kuchipatala ija ndiika pa Fesibuku. Ine ndinati sindinali chitsiru, ndinali mwana wachikondi, iye n'kuti chikondi cha mtundu umenewo n'chimene chimapha anthu. Ndiye ndalembadi, aone. Ndikudziwa kuti kuno ku Wimbe mumati ine ndikaona mbewa ndimakasimba kuti ndaona nguluwe, ndipo sindikana kuti ndinauza anthu kuti Fomu 4 ndinalakwa chifukwa wochonga anachita nsanje ndi kalembedwe kanga. Koma iyi yokhayi, pali Mulungu, inachitikadi, ndipo pamene ndawonjezera ndizikuuzani ndekha.

Chaka chatha, nthawi ya nazale, bambo anayamba kulephera kumeza. Poyamba inali mbatata, amati ikuima pachifuwa, kenako ngakhale phala limabwerera. Tinazungulira asing'anga atatu, aliyense n'kuwatema mphini zake, moti chifuwa chawo chinadzaza timizere takuda ngati kope la mwana wa Sitandade 1. Titatopa tinapita kuchipatala cha paboma, ndipo kumeneko anati ndi khansa ya kummero, tipite ku Lilongwe kuchipatala chachikulu cha khansa. Mayi sakanasiya nazale, mlongo wanga anali ndi khanda, ndiye wopanda chochita pakhomo anali ndani? Ine. Ndinasanduka gadiyani, wowasambitsa, wowachapira ndi wowatayira chitini.

Chipatala chimenecho sichingochiza, chimachitanso kafukufuku. Tsiku lachiwiri kunabwera mayi wina ndi mapepala, anati akufuna kudziwa chifukwa chake matenda a kummero akugwira alimi ambiri, ndipo anafunsa bambo za utsi wa nkhuni, za tiyi wotentha, za kachasu ndi za fodya wosuta. Ananena kawiri konse kuti kukana n'kololedwa ndipo chithandizo chikhala chomwecho. Bambo anavomera, anadinda chala, ndipo anawatenga magazi m'kabotolo kochepa ngati chala changa chaching'onochi. Apa ndipo pamene pakamwa panga panandigulitsa. Nditaimba foni kumudzi ndinati bambo awapopa magazi odzaza chigubu cha malita asanu. Ndinangofuna kuti nkhani ikome, aone kuti ndikuona zazikulu kutauni.

Patapita masiku angapo anesi anaitana magadiyani onse a odwala oyamba kuwotchedwa chotupa ndi makina kuti atiuze kasamalidwe kake. Mukuganiza kuti ine ndinalipo? Ndinali kumaloboti, ndikudzijambula kutsogolo kwa nyumba zosanja kuti anzanga a ku Simlemba afe ndi nsanje. Pobwera ndinapeza bambo agona chagada, malaya ali pambali, pachifuwa atawalemba mizere ya inki ndi timitanda titatu, kena pakati, tiwiri m'nthiti. Ndinajambula n'kutumiza pa gulu la banja, ndipo pasanathe mphindi zisanu foni inalira.

Anali amalume, achimwene awo a mayi, amene anagwirapo ntchito yonyamula mabelo a fodya ku okushoni. Anandifunsa ngati ndinaonapo belo lolembedwa chizindikiro likubwerera kwa mlimi. Anati belo likalembedwa ndiye kuti lagulidwa, ndipo ng'ombe imene aipaka penti pamsika aliyense amadziwa kumene ikupita. Anandiwerengera mmodzimmodzi: munthu wadinda chala, wapopedwa chigubu cha magazi, lero wamulemba mtanda pamtima, chatsala n'chiyani? Ndinafuna kuwauza kuti chigubucho ndinachita kupeka, koma mukudziwa, m'mene amazinenera amalumewo, ine mwini bodza ndinayamba kuliona chigubu chija ndi maso anga.

Mawa lake ndinawaperekeza bambo kuchipinda cha makina, ndipo zimene ndinaona zinangotsimikizira mawu a amalume. Chitseko chake n'chochindikala, ndikati ngati khoma la tchalitchi ndiye kuti ndachepetsa. Anawagoneka bambo pakabedi kolimba, manja m'mwamba, kenako onse ogwira ntchito anatuluka, ine n'kundikankhira panja, chitseko chija n'kutsekeka chokha pang'onopang'ono, nyali yofiira n'kuyaka. Ndinadzifunsa kuti ngati chinthuchi n'chabwino, eni ake akuchithawa chifukwa chiyani? Bambo anatuluka amoyo, koma tsiku lachitatu anali ofooka kuposa m'mene tinabwerera, amati kukhosi kukuwotcha, ndipo amalume amaimba m'mawa uliwonse kufunsa ngati mtanda uja ukadalipo.

Lamlungu masana ndinawatengera kubafa. Ndinanyamula sopo wochapira ndi chinkhupule chatsopano, ndipo manja angawa si a masewera, anazolowera kupala phula la fodya. Nditangoyamba, bambo ndi mawu awo osasa aja anati anesi ananena kuti mizereyo isachotsedwe. Ndinawayankha mwanzeru zanga zonse kuti nayenso wogula ng'ombe salola kuti penti yake ifufutidwe. Anangotseka maso n'kusiya manja awo agwe. Mpaka lero sindidziwa ngati anagwirizana nane kapena analibe mphamvu zolimbana ndi mwana wamakani.

Mizere inachoka, koma khungu linachokera limodzi. Sindinadziwe kuti pamalo pamene pakuwotchedwa pamakhala pofewa ngati tomato wakupsa. Chimene chinandiopsa n'chakuti pakati pa mtanda uliwonse panatsala kadontho kakuda, kochepa ngati njere ya fodya, kosachoka. Ndinapaka sopo, kali pompo. Ndinakanda ndi chikhadabo kapakati kaja mpaka magazi, kali pompo. Ndinati basi, inki ya anthu amenewa yalowa m'thupi, bambo anga agulidwadi. Ndinawaveka malaya n'kumanga mabatani mpaka m'khosi.

Lolemba bambo woyendetsa makina atamasula malaya aja, anaona bala lija. Anaitana mnzake, mnzakeyo n'kuitana dokotala, mayi wamfupi wa magalasi. Palibe anandikalipira, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Dokotala anafunsa amene amawasambitsa, ine ndinati ndi thukuta lafufuta chifukwa bambo amatuluka thukuta ngati mpopi. Anandifunsa modekha ngati thukuta la kwathu lili ndi zikhadabo.

Anandikhazika pampando n'kundifotokozera zimene anzanga anamva ine ndili kumaloboti. Anati mphamvu ya makinawo siioneka, ndipo iyenera kulasa chotupa pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa pambali pake pali mtima, pali mapapo, kumbuyo kuli msana. Mizere ija ndi imene imawathandiza kumugoneka munthu ndendende m'mene anamuyezera tsiku loyamba. Amatuluka m'chipinda chifukwa iwo sadwala ndipo amakhala momwemo tsiku lonse, chaka chonse, koma wodwala amamuona pa kanema n'kumalankhula naye. Kufooka ndi kuwotcha kukhosi kuja anati anali atanena kale kuti kudzabwera. Kenako anafika pa nkhani ya bala lija. Anati lero sawotcha, pabala sangawotche, ndipo timadontho tija akalephera kutipeza ndiye kuti kuyeza konse kuyambirenso, pamene pamzere pali anthu ochokera m'dziko lonse, ndipo chotupa sichidikira munthu.

Timadontho timene ndinalimbana nato tija ndi timene amatifuna. Anati amatilemba dala poboola khungu kuti tisachoke. Koma tawaganizirani bambo anga, chifuwa chodzaza mphini za asing'anga atatu, zonse zakuda, ndiye mupezemo njere ya fodya! Anthu atatu ophunzira anawerama ndi tochi ngati akusaka nsabwe. Tiwiri ta m'nthiti anatipeza. Kapakati kanali mkati mwa bala limene ndinakanda ine, potupa, ndipo anati tidikire paphwe.

Masiku anayi amenewo sindiwonjezera kanthu, safuna mchere. Bambo anafika polephera kumeza ngakhale malovu, amangolavulira m'chitini, ndipo anawaika madzi a m'botolo pamkono. Ndimakhala pambali n'kumayang'ana madontho akutsika, ndikuwerenga nthiti zawo. Pabedi loyandikana panali mkulu wina wa ku Mchinji amene timagawana naye shuga, iye anafika kuchipatala mochedwa kwambiri. Lachitatu m'mawa ndikuchokera kochapa ndinapeza bedi lake layalulidwa, matiresi okhaokha, mkazi wake akulongedza mapoto. Ndinayang'ana bedi limenelo, n'kuyang'ana la bambo, mtunda wake sitepe imodzi. Mayi amaimba kufunsa ngati kuwotcha kukuyenda bwino, ine n'kumati netiweki ikuvuta. Amalume nditawauza anati ndachita zachimuna, ndiwatulutse bambo tibwere. Ndinawadulira foni, koyamba m'moyo wanga kudulira munthu wamkulu.

Tsiku lomwelo masana bambo anandikodola kuti ndiweramire pafupi. Anafunsa ngati kumudzi awokera kale fodya. Kenako anati zikavuta ndisadzawauze mayi za kubafa zija, ndidzangoti matenda anakula, chifukwa safuna kuti ndidzakhale mwana amene mudzi wonse ukumuloza chala. Anthu inu, munthu amene ndamupweteka ndi manja anga akukonza zonditeteza pamaliro ake! Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa thanki ya madzi, ndinaimbira mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi, ndipo ndinalira pang'ono.

Lachisanu anatiitananso. Ndinalowa foni ili m'manja, n'kumuuza bambo wa makina uja kuti ndili ndi chithunzi cha mizere ija mwina chithandiza. Anachiyang'ana n'kunena kuti theka la chithunzicho ndi nkhope yanga, ndipo iwo ali nazo zawo. Anawerama ndi tochi, anapukuta pang'ono, anayang'anitsitsa nthawi imene ine ndinaiona ngati zaka ziwiri, kenako anati kalipo. Kadontho kaja, kamene kanakana sopo, chinkhupule ndi chikhadabo changa. Analembanso mizere, anaimata ndi kapepala koonekera, anajambula za mkati kuti atsimikize kuti zagwirizana, ndipo chitseko chija chitatsekeka anandilola ndiime pakhomo la chipinda chawo ndione bambo pa kanema, atagona phee, akupuma. Atatuluka, nesi anandipatsa kansalu kofewa n'kundiphunzitsa kusambitsa munthu ngati ukugwira dzira, odwala onse akuonerera. Dzina langa m'wodi monse linasanduka Chinkhupule.

Kuwotcha kunatenga masabata, ndipo sikunali kokoma, koma tsiku lina bambo anameza supuni zitatu za phala osabweza, sabata inayo nthochi yathunthu. Ndikadakhala ine wakale ndikanati pano akutafuna mafupa a ng'ombe. Zoona zake n'zakuti amadya zofewa, pang'onopang'ono, ndi owonda, ndipo madokotala anati tisanene kuti zatha, tizipitabe kukapimitsa. Koma dzulo mlongo wanga akunditukwana m'chigafa muja, amene anatiuza kuti tisiye phokoso tisankhe fodya anali iwowo, atakhala pampando wawo, timadontho titatu tili pachifuwa. Za kubafa mayi ndinawauza ndekha titafika, ndipo sanandilankhule masiku awiri.

Chimene ndikukhulupirira pano n'chakuti pachipatala paja panalibe wogula munthu. Chigubu cha magazi ndinachipanga ine ndi pakamwa panga, chinapita ku Wimbe pa foni, n'kubwerera chitamera mano kudzaluma bambo anga. Mayi wa kafukufuku uja ndinakumana naye tikutuluka, ndinamufunsa kumene magazi aja anapita, anati ali mufiriji ndi nambala, ndipo mwina adzathandiza kuti ana anga asadzadwale matenda amenewa. Inu amene mudzapite kukadikirira wodwala, akaitana magadiyani khalanipo, maloboti sathawa. Mukaona cholembedwa pathupi la m'bale wanu musachikhudze, funsani amene walembayo, osati amalume a ku okushoni. Ndipo munthu akayamba kutsamwa ndi mbatata, musamalize kaye asing'anga atatu ngati ife.

Ndimati ndathera pomwepa, koma mnzanga wa desiki imodzi uja wayankha kale pansipa, ndipo akuti ndisafufute. Walemba kuti: "Aise Chinkhupule, zonse ndavomera kupatula poti unalira pang'ono, pafoni paja ndinali ine, unkalira ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Koma zoseka pambali, tandiimbira. Mayi anga chotupa cha kubere chija sichikuphwa, ndipo mawa amati apite kukatemera mphini kwa sing'anga. Basi ya ku Lilongwe munakwerera pati?"