Débora Anabisa Khodi Mpaka Anadzitsekera Kunja

Inu amene munagwa ndipo mukuona ngati aliyense akukulozani chala, imvani za Débora.

Atalepheranso mayeso, Débora ankagulitsa milamba youma pa siteshoni ya Entre Lagos, atafunda chitenje kumutu kuti anzake akusukulu asamuzindikire. Chuma chake chonse chinali foni yong'aluka galasi. Pafoni yomweyo anadziphunzitsa JavaScript, chilankhulo choyendetsera masamba a pa intaneti.

Anapanga tsamba louza ogulitsa nsomba a ku Chiuta minibasi, kapena kuti chapa, imene ili ndi malo a madengu awo. Bungwe lawo linamupatsa ntchito yosamala tsambalo.

Posakhalitsa kunatulukira tsamba lina lofanana ndi lake, losiyana dzina lokha. Wina anali atamubera khodi, malangizo amene analemba oyendetsera tsambalo. Maso ake anagwera pa Asani, wanjinga amene ankamubweretsera nsomba, yemwe kumwetulira kwake kunkamusowetsa mtendere.

"Foni yanga unabwereka ndiwe," anatero Débora.

"Mana, chemwali, ndinkaimbira amayi! Zilembo zakozo ine ndimangoona ngati nkhuku yapalasa."

Débora sanamukhulupirire.

Atafufuza, anadziwa kuti aliyense wotsegula tsamba angathe kuona khodi yake, komanso kuti pali zida zoisokonezera. Anasankha chimodzi. Mayina omveka bwino a m'khodimo anasanduka _0x4f ndi _0x9c, mawu anabisala m'manambala, ndipo munalowa tinjira tabodza tosafika kulikonse. Tsamba linkagwirabe ntchito, koma khodiyo munthu sakanaiwerenga. Pomukayikirabe Asani, anafufuta khodi yoyambirira m'foni.

Mvula itadula msewu, machapa anasintha njira, tsamba linafunika kukonzedwa. Débora anatsegula khodi yake, osamvamo kanthu. Madengu anatsala m'mbali mwa msewu, nsomba zikuchita nkhungu.

"Likapanda kukonzeka sabata ino, tisamukira ku tsamba linalo," anatero wapampando wa bungwe.

Asani anamupeza kuseri kwa siteshoni, maso ali psuu. Débora anamufotokozera zonse monyinyirika.

"Dikira kaye," anatero Asani akukanda mutu. "Wakubayo anaba usanasokoneze, eti? Ndiye kuti akukusungira."

Débora anatsegula tsamba la mdani wake. Khodi yake inali momwemo, mzere uliwonse monga anaulembera yekha. Anaitenga, anakonza njira za machapa, anaisokonezanso, bungwe silinasamuke. Yoyambirirayo anaisunga pa kakhadi ka foni, n'kukaika m'dzanja la Asani.

"Ukataya, usadzandimwetulirenso."

Lero Débora amasamala masamba a amalonda angapo a m'tauni ya Insaca. Wakuba uja sanadziwike, ndipo Débora akamadutsa pamsika amayang'anabe nkhope iliyonse kachiwiri.

Inunso tetezani ntchito ya manja anu, koma mantha asakufufutitseni zanu zomwe. Ndipo zikasokonekera, mtima wokhawo musautaye: tsegulaninso, yambiraninso.