Tsiku Limene a Wenzulo Anatulutsa Amuna Awo M'bwalo

Mayi anga aang'ono ndi telala. Mutawapeza pakhonde la golosale atawerama pa makina, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, simungaganize n'komwe kuti Lamlungu masana azibambo andevu zawo amawanjenjemera. Koma eee, amanjenjemeradi! Ndi iwo amene amayimbira mpira pabwalo la kuseri kwa msika, moti dera lonse limangowatchula kuti a Wenzulo.

Amayi anga amati mng'ono wawoyu chibadwire sagwirizana ndi chinyengo. Ali mwana ankatha kuimitsa masewera onse chifukwa choti wina waponda chingwe n'kumakana. Atakula anaphunzira zosoka, n'kukwatiwa ndi bambo aang'ono, ometa tsitsi amene ali ndi kashopu pafupi ndi siteji ya basi. Za mpirazi zinangoyamba mwangozi. Tsiku lina anapita kubwalo kukasiya majezi amene anasokerera manambala, n'kupeza oyimbira sanabwere, ati mowa unawagoneka. Matimu ali pokopoko kukangana, iwo anangotola wenzulo, kuipukuta ndi kansalu, amvekere, "Tiyeni tiyambe, ine madiresi akundidikira." Basitu, mpaka lero!

Ine ndimawagomera koopsa. Kuthamanga sathamanga kwenikweni, koma maso, abale! Wina akangokoka jezi ya mnzake mobisa, pyeee! Ulendo wina wosewera wina anawayankha mwano, ine kunja ndinakuwa, "Mukhaulitseni ameneyo!" Pobwerera kunyumba anandikoka khutu.

"Iwe, ine sindikhaulitsa munthu. Ndimalanga."

"Aaa, mayi aang'ono, si chimodzimodzi?"

"Wokhaulitsa amangofuna kuti mtima wake uphwe. Wolanga amayamba wayeza, ngati mmene ndimayezera diresi. Walakwa pang'ono, chilango chaching'ono. Walakwa kwambiri, chachikulu. Usamusokere munthu chilango choti chizimukwekwereka pansi."

Ndinaseka mpaka kutsamwa, koma ndinamva.

Tsono vuto linali limodzi. Bambo aang'ono nawonso amasewera, amatseka kumbuyo mu timu ya ometa. Anthu amawatchula a Lumo, ati pakati pa sabata amameta mitu, Lamlungu amameta miyendo. Timu yawo ikamasewera, ankayimbira ndi bambo ena. Koma chaka chino bambowo anasamuka, ndiye taonani, ometa afika mu fainolo, akumana ndi okonza njinga!

Kaputeni wa okonza njinga, bambo woonda wamtali amene timati a Sipoko, anabwera pakhonde paja manja ali bii ndi girisi.

"Mayi, ulemu timakupatsani. Koma munthu amene mumadya naye mbale imodzi mungamulange? Matimu onse tagwirizana. Mukangokondera, wenzulo mutule."

A Wenzulo opanda wenzulo? Koma eni ake anangoluma ulusi n'kunena kuti, "Ndamva."

Kunyumba a Lumo anali pa chisangalalo, akupukuta nsapato zawo za mpira uku akuimba mluzu. "Amayi, mawa mukaona ndayandikira munthu, muzingoyang'ana kumwamba. Mbalame ziliko zambiri zokongola." Mayi aang'ono akungosita yunifomu yawo yakuda.

Lamlungu bwalo linadzaza thothotho! Ena pamwamba pa mpanda, ena m'mitengo, amayi a tomato kusiya malonda. Ine ndinali mbali ya ometa, mawu atasasa kale mpira usanayambe. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Chigawo chachiwiri chili mkati, a Sipoko analandira mpira, kudutsa woyamba, kudutsa wachiwiri, miyendo ija ili petupetu, kutsala iwo ndi goloboyi basi. Kumbuyo kunatulukira a Lumo. Mayo ine! Anawasesa miyendo yonse iwiri, a Sipoko n'kuuluka ngati chovala chochoka pachingwe, kukagwa khu! Mpira sanaukhudze n'komwe.

Pyeeee!

Mayi aang'ono anakodola ndi chala.

"Nambala faivi, bwerani kuno."

Bambo aang'ono anacheuka kumbuyo ngati pali nambala faivi wina. Kenako anabwera akumwetulira, manja ali kumbuyo.

"Amayi akunyumba, ndi ine."

"Ndakuonani. Pano palibe nyumba."

"Komatu ndinaterereka."

"Mwaterereka bwino. Pitirizani kuterereka mpaka kunja."

Dzanja m'thumba, kadi yofiira m'mwamba! Abale inu, phokoso lake! Amayi a tomato nthungululu, ana kugubuduka m'fumbi, bambo wina kutsala pang'ono kugwa mumtengo. Ine ndinangozindikira ndikudumpha, mnzanga n'kundikoka malaya, "Iwe wapenga? Watulutsidwayo ndi wa timu yako!" Ndinati ndikudziwa, koma miyendo ikukana kuima!

Mayi aang'ono anapereka penate. A Sipoko anadzuka, kudzisasa fumbi, kubwerera m'mbuyo kutali ngati akupita kwawo. Kuthamanga, kuumenya... mpira uja pamwamba pa golo, pamwamba pa mpanda, mpaka pa denga la bucha, phaa! Agalu onse a pamenepo kubalalika. Ndiye mpira uli pafupi kutha, kamnyamata kena ka ometa, kamene kamangodziwa kumeta mpala, kanaugunda ndi bondo mwangozi, golo! Ometa awina ali osakwana!

Apa ndiye ndinachita mantha. Okonza njinga aluza, oyimbira ndi mkazi wa ometa, sanena kuti pachitika zachinyengo? Ndinaona a Sipoko akubwera chotsimphina, anzawo ali pambuyo. Anaima pamaso pa mayi aang'ono, kupukuta dzanja pa kabudula, n'kuwapatsa moni wa manja awiri.

"Mayi, watiluzitsa ndi mwendo wangawu. Wenzulo ndi yanu. Chaka chamawa muyimbirenso."

Ndinakuwa mpaka mawu kutheratu!

Tsono matimu a kwathu ali ndi lamulo lawo: wotulutsidwa ndi kadi yofiira amachapa majezi a matimu onse awiri. Lolemba m'mawa bambo aang'ono anali pa mpopi ndi beseni lodzaza, pakati pa azimayi otunga madzi. Kuwaseka kwake!

"A Lumo, m'khwapamo simunayere!"

"Alamu, mukamaliza kwathunso ziliko!"

Iwo akungopukusa mutu, thovu lili mpaka m'zigongono, kenako nawonso anayamba kuseka. Mayi aang'ono anatulukira ndi kapu ya tiyi, kuwaikira pamwala, n'kunyamula jezi imodzi kuiyang'anitsitsa padzuwa.

"Iyi mubwereze."

"Amayi, chifundo mulibe? Chaka chamawa ndikhala goloboyi, ndione ngati mudzandipeze."

"Goloboyinso kadi yake ndimasunga," anatero. "Imwani tiyi, akuzizira."