Tsiku limene ndinaitanira jaji mdzukulu wanga

Ntchito ya m'shopu ya makadi sindinaifune ayi, inandipeza chifukwa cha kukayikira. Nditasiya yosamalira okalamba ku Croydon, kuno kwa azungu, maondo atakana zonyamula anthu, mdzukulu wanga Tadala anayamba kusowa Loweruka lililonse. Ndikamufunsa ankangoti akukasewera makadi. Ine makadi amene ndinkawadziwa ndi a juga, ndiye mtsikana wa ku koleji wonena zimenezo nkhope ili gwa, ndimukhulupirire bwanji? Loweruka lina ndinakwera tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, ya pambuyo pake n'kumulondola.

Ndinakapeza chipinda cha pansi pa shopu, matebulo ataliatali, anthu a ndevu zawo atagwira timakadi tojambulidwa zinjoka zamapiko. Ndinakhala pakona, chikwama chili pamiyendo. Posakhalitsa ndinaona dzanja la mnyamata wina likulowera ku chikwama cha mnzake, ndipo ndinamuyang'ana mwini dzanjayo mpaka analibweza. Simon, mwini shopu amenenso ndi jaji wa mipikisano, anaona. Anandifunsa ngati ndingamabwere kudzayang'ana anthu choncho n'kumalipidwa. Ndinamufunsa kuti kwenikweni akufuna chiyani. Iye anaseka, ine sindinaseke, koma ntchito ndinayamba.

Ntchito yake ndi iyi. Kompyuta ikasankha oti asewere ndi anzawo, mayina amaoneka pa sikirini ndi nambala ya tebulo. Ine ndimaika kapepala ka zotsatira pa tebulo lililonse, Simon n'kuyambitsa wotchi ya pakhoma. Osewera amayala timikeka tawo ta labala, aliyense n'kusakaniza mulu wake wa makadi, kenako n'kuupereka kwa mnzake kuti naye ausakanize. Pamenepo mpamene ndinaona kuti masewerawa anapangidwa ndi munthu wanzeru: palibe wokhulupirira mnzake. Khadi lililonse limavala kathumba ka pulasitiki, ndipo kathumba kokhala ndi chizindikiro, kaya kukanda kwa chikhadabo kaya kupindika pangodya, ndimakatengera kwa Simon. Gemu ikatha onse awiri amasaina kapepala, ine n'kutola. Pakavuta chilichonse, wosewera amakweza dzanja n'kuitana jaji. Lamulo langa landekha linali limodzi: ndisaime pa tebulo la Tadala.

Zonsezi ndinazigwira msanga. Chimene chinandizunguza mutu ndi malamulo a mphotho. Simon anandifotokozera kangapo, ine ndikungopukusa mutu. Kugonja mwadala, kumusiyira mnzako gemu, n'kololedwa. Sufunikanso kunena chifukwa. Kugwirizana kuti chimene mupate mugawana, n'kololedwanso, bola zisakhudze za amene apambane. Koma kumangiriza ziwirizi pamodzi, kuti ndisiyire ndipo ndikupatsa chakuti, ndi chiphuphu, ndipo wonenayo amatulutsidwa mu mpikisano. Wouzidwayo naye ayenera kuitana jaji nthawi yomweyo. Akavomera, kapena akangokhala chete, mlandu wamukhudza.

"Ndiye kupatsa mwaulere n'kwabwino, kugawana n'kwabwino, koma kuthokoza amene wakupatsa ndi mlandu?" ndinamufunsa.

"Kulonjeza kuthokoza asanakupatseni," anatero. Ndinamusiya. Anthu a kuno amatha kuika lamulo ngakhale pa kuyetsemula.

Tsiku lovuta linali la mpikisano umene opambana ake amapatsidwa mabokosi a makadi osatsegula, komanso malo ku mpikisano waukulu wa dziko lonse. Malo amenewo Tadala anawalakalaka chaka chonse. Makadi ankagona nawo pa bedi, ine n'kumawapeza m'mashiti pochapa. Pofika gemu yomaliza zinali zoonekeratu: akapambana alowa m'gulu la pamwamba, akagonja basi, adikire chaka china.

Sikirini inamupatsa bambo Zulu. Awa ndi a ku Chipata, amayendetsa basi, ndipo ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Tadala anamunyamulapo ali khanda. Nditaona mayina awiriwo moyandikana, ndinatchera khutu. Sikuti ndinkawaganizira choipa chapadera. Ndimaganizira aliyense mofanana.

Ndinali kutola kapepala pa tebulo loyandikana ndi lawo, nditawapatsa msana monga mwa lamulo. Koma makutu alibe msana. Gemu inali ikuwaipira bambo Zulu, ndipo ndinawamva akutsitsa mawu, m'Chinyanja chawo cha m'tauni chija.

"Iwe mwana wanga, nisiyileko iyi gemu. Ine nakalamba, sinizapezanso mwayi. Nikatenga bokosi, hafu ni yako."

Tadala Chichewa amamva chonse, kungoti amayankha m'Chingerezi. Ndinatembenuka ndikuyembekeza kuona dzanja lili m'mwamba, pakuti lamulo amalidziwa kuposa ine. Dzanja linali pa tebulo. Mwana anazolika, maso ali pa kamkeka, monga achitira kunyumba akuluakulu akamalankhula. Anagwedeza mutu pang'ono n'kuyamba kusonkhanitsa makadi ake ngati wogonja.

Bambo Zulu ankaganiza kuti chilankhulo chawabisa. Anaiwala kuti gemu, bokosi ndi hafu ndi mawu amene mzungu aliyense amawamva. Mnyamata wa pa tebulo limene ndinaimapo anali atatukula kale mutu. Ndinadziwa kuti zikakafika kwa Simon kudzera mwa iyeyo, kapepala katasainidwa, Tadala amuletsa mipikisano yonse kwa nthawi yaitali, dzina lake n'kudziwika kuti ndi wogulitsa gemu. Ndinakweza dzanja langa ine, wosasewera, n'kuitana jaji mokweza mpaka chipinda chonse chinatembenuka.

Simon anaimitsa gemu, anauza onse awiri kuti asakhudze makadi. Ndinayamba kumumasulira zimene ndinamva, koma anandidula mwaulemu wake woziziritsa uja.

"Ndinu agogo ake. Sindingadalire mawu anu okha."

Ine! Munthu amene ndinalembedwa ntchito chifukwa chosakhulupirira anthu, lero ndine wosakhulupirika. Ndinafuna kumuponyera timapepala take kumaso, koma pansi pa mtima ndinadziwa kuti ndikanakhala iye ndikanatero.

Anawafunsa mmodzimmodzi kuseri kwa kauntala. Umboni wanga sunafunikenso, chifukwa bambo Zulu anafotokoza okha zonse, mosabisa, modabwa kuti pali mlandu. Anati sakanatha kupempha mwana chinthu chachikulu chotero chimanjamanja, akanakhala munthu wotani? Akanangopempha popanda kulonjeza kanthu, akanakhala wopanda ulemu koma wosalakwa. Simon anamvetsera mpaka kumapeto, anati akumvetsa, kenako anawatulutsa mu mpikisano n'kuwauza kuti nkhaniyo aitumiza kwa akuluakulu a masewerawo. Tadala naye ananena zoona, kuti anagwedeza mutu. Poti anali asanasaine ndipo sanabise kanthu, anangomulembera kuti gemu imeneyo wagonja, ndi chenjezo. Malo aja sanapite kwa iye kapena kwa bambo Zulu. Anagwera mnyamata uja wa dzanja lolowera m'zikwama za eni, amene ndinamugwira ndi maso tsiku loyamba.

Mu tiramu Tadala anakhala kuwindo osandiyang'ana. Titatsala pang'ono kutsika analankhula, ndipo analankhula m'Chichewa, kuti zindilowe bwino.

"Agogo, si inu mumati wamkulu akalankhula sitikana?"

Ndinamuyankha kuti ndinamuphunzitsanso kuti wamkulu akakutsitsira mawu, uyang'ane chikwama chako, koma mbali imeneyo anasankha kusaimva. Lamulungu kutchalitchi mayi Zulu anandipatsa moni wa nsonga za zala, ndipo amayi a m'kwaya anali atamva kale kuti ndinapereka mkulu wa mpingo kwa mzungu chifukwa cha zidole za mapepala. Palibe anafunsa kuti mkulu wa mpingo ankafunanji pa mwayi wa mwana. Ndinaganiza zosiya ntchito. Ndinasintha maganizo nditalingalira kuti ndikachoka, m'chipinda muja simukhalanso khutu lomva zathu.

Kuyambira pamenepo, wa kwathu aliyense wolowa pakhomo paja ndimamukokera pambali asanalembetse. Ndimamuuza kuti akafuna kugawana, anene za kugawana zokha. Akafuna kugonja, agonje chamumtima. Ndipo ulemu wa kwathu ausiye pakhomo pamodzi ndi ambulera, autenga potuluka. Ena amaseka. Ndimawayang'ana mpaka asiye.

Bambo Zulu anabwerera chilango chawo chitatha, ndipo sikirini, yopanda chisoni ija, inawapatsanso Tadala. Anakhala pansi, anayala kamkeka kawo, anaweramira kutsogolo n'kutsitsa mawu. Asanamalize ndi liwu loyamba lomwe, dzanja la Tadala linali m'mwamba. Simon anabwera mothamanga. Bambo Zulu, nkhope ili yogwa, anati amangofuna kufunsa ngati maondo a agogo ali bwanji masiku ano.

Simon anandiyang'ana ngati akuti zimenezi ndazichititsa ndine. Ndinamuuza kuti mwana wachita bwino. Pa tebulo paja, ngakhale moni ukhale ndi mboni.