Kukabweza Buku la Abambo a Asiyatu

Ndinanyamuka pa Ulongwe m'mawa, chaka cha njala chija tinkaphika mango osakhwima. Ashehe anali atanena kuti chilichonse chimene malemu amuna anga anabwereka chibwerere kwa eni ake sadaka isanachitike. Khasu ndinabweza. Linatsala buku la ku laibulale ya ku Balaka.

Amuna angawo anayamba aonera filimu yake pa vidiyo, koma magetsi anazima pakati, ndiye anakafuna bukulo. Ankawerenga Chingerezicho n'kumandifotokozera m'Chiyao, za mtsikana woweta mbuzi amene anapita kukalanda mvula kwa chinjoka. Ankati nthano imanyenga mimba. Anamwalira asanamalize, khoko la chimanga lili pakati pa masamba. Ine sindiwerenga, koma mathero ndinkawafuna.

Minibasi inandidya K40 kufika pa Mangochi Turn-off. Bukulo ndinalikulunga m'chitenje, ndipo amayi oyandikana nane ankangoliyang'ana poyesa buledi. Nditamasula anaona chinjoka pachikuto n'kusendera kuwindo.

"Amayi, za ufitizi mukanakwera nazo lichero," anatero kondakitala.

Tinaseka galimoto yonse, ine koyamba chichokere maliro.

Pa Turn-off ndinagula chinangwa chimodzi chootcha, n'kukwera matola ya K30, pamodzi ndi anthu onyamula matumba opanda kanthu, okasaka gaga. Ataona bukulo, bambo wina anati filimu yake anaionera, chinjokacho chimafa. Mnzake anakana, akuti chimangogona. Anatsutsana mpaka ku Balaka.

Ndinafika ku laibulale dzuwa lili pamutu. Pakhomo ndinavula patapata ngati kumzikiti, amayi a mabuku n'kundiuza kuti ndivale. Nditafotokoza anapepesa maliro, ndipo za kuchedwa kwa bukulo sanatchule. Ndinawafunsa ngati mtsikanayo anabwera nayo mvula.

"M'buku ili iyayi," anatero. "Ili ndi loyamba chabe. Filimu inadula njira."

Anandilozera shelefu ya okonda nkhaniyo: mabuku ena atatu onenepa oipitiriza, ena a zinjoka zina pambali pake. Ndinaseka. Abambo a Asiyatu ankandilonjeza kuti mvula yatsala masamba ochepa!

Anandilembetsa, ndinadinda chala. Ndinapempha loyamba lomwelo, kuti mwana wanga Asiyatu wa Fomu 2 apitirize kundiwerengera. Amayiwo anati kubweza ndabweza, tsopano wobwereka ndine, ashehe asadandaule.

Ndinabwerera madzulo, khoko lija lili pamalo pake. Ndinapita kukatseka nkhani ya amuna anga, koma ndinapeza kuti andisiyira maulendo ena atatu a ku Balaka.