Ndinalowa Osanena Odi

Ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi imvi, pa sukulu ya akuluakulu ku tchalitchi kwathu ku Kabwata. Zaka zonse zomwe ndinali mesenjala ku Longacres ndinkanyamula makalata osadziwa zomwe akunena.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Chelstone. Ndiye anandigulira kompyuta yakale ku Kamwala, nandionetsa nsolo ya pa intaneti, pa katsamba kena komwe anthu wamba amaikapo masewera opanga okha. Ofuna kucheza ndi osewera anzawo amalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi. Ine ndinkangosewera ngati mlendo.

Lamlungu lina mwana wanga atachoka, ndinapeza dzina lake likadali pamwamba. Anaiwala kutuluka. Pambali panali makalata ake ndi mayi wina wosewera naye.

Kwathu sulowa m'nyumba ya mwana wako wokwatiwa osanena odi. Ndinkadziwa. Koma makinawo safunsa kuti ndani, ndipo ndinatsegula.

Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chili pagalasi monga anatiphunzitsira. Ankanena za ine. Mwana wanga analemba kuti ali wamng'ono, atate ake anatenga kalata ya amayi ake napita nayo kwa kalaliki wa ku ofesi kuti awawerengere, poganiza kuti yachokera kwa mwamuna wina. Inali ya ku chipatala. Pofika Lachisanu, Kabwata yense ankadziwa matenda a amayi ake. Amayiwo anakwera basi pa Intercity kubwerera kwawo ku Katete, ndipo anamwalira komweko osalankhulanso ndi mwamuna wawo.

Zonse zinali zoona. Ine ndinkayesa kuti anali mwana, sanaone kanthu.

Sindinadziwe kuti kalata ikatsegulidwa, tsambalo limasonyeza kuti yawerengedwa. Yankho la mayi uja, lomwe mwana wanga anali asanalione, ndinalitsegulanso.

Mwana wanga anabwera Loweruka ndi mankhwala anga a shuga.

"Atate, munangena mu dzina langa?"

"Ndinapeza chitseko chosatseka, mama."

"Na kalata ya amai inali yosamata?"

Anakoka mpando, nasintha mawu ake achinsinsi, dzanja lina ataphimba mabatani, monga amachitira anthu pa makina a banki pakakhala mlendo kumbuyo.

Amabwerabe. Amandiyeza shuga, amasewera nsolo, kenako amatuluka m'dzina lake, n'kuyang'ananso kawiri.

Ndinalimbikira sukulu ija poganiza kuti chinandilakwitsa kale chinali umbuli. Nthawi ino panalibe kalaliki.